Retinol wa pa shelefu kapena tretinoin wa kwa dokotala: ndalama zanu zipite kuti?

Zimene zinatuluka m'chikwama

Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mu famase yomwe ndimagwiramo ntchito kuno ku Harare munalowa mayi wina ndi mwana wawo wamkazi. Ankanong'onezana m'Chichewa. Nditawalonjera m'Chichewa momwemo, mayiwo anamasuka.

"Kodi ndinu akwathu? Ndiye tithandizeni achimwene, taonani nkhope ya mwanayu."

Mtsikanayo anali atavala chipewa chotsika mpaka m'maso. Atachivula, zonse zinaonekera. Khungu linali likusupuka m'mbali mwa mphuno ndi kuzungulira pakamwa, m'ngodya za milomo munali mutang'ambika, ndipo pamasaya onse awiri panali zigamba zakuda zomwe mayi ake anati mwezi wathawu kunalibe. Ziphuphu zimene ankalimbana nazo zinali zikadalipo.

"Achemwali, mukudzola chiyani?"

Anatulutsa zinthu zitatu n'kuziika pa kauntala: kachubu ka tretinoin (mankhwala odzola a ziphuphu) wa 0.1% kamene anagula patebulo la m'mbali mwa msewu m'tauni, kabotolo koonekera m'kati ka retinol (chodzola cha vitamini A) kamene anaitanitsa pa foni, ndi sopo wamchengamchenga wokhulira nkhope. Tretinoin ankadzola m'mawa ndi usiku, n'kupakanso retinol pamwamba pake, kenako n'kukaima padzuwa kudikira kombi (minibasi). Nkhope ikayamba kusupuka ankaikhula ndi sopo uja poganiza kuti zoipa ndiye zikuchoka.

Mayi aja anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ndiye tigule uti wamphamvu woti achotse zakudazi?"

Funso limeneli silinandichoke m'mutu. Mwanayo anali atapsa ndi mankhwala amphamvu, ndipo mayi ake, mwachikondi chenicheni, ankafuna amphamvu koposa. Tsiku limenelo anatuluka ndi mafuta ofewetsa khungu ndi oteteza ku dzuwa basi, atagwirizana nazo zoti asiye zonse zitatu zija kwa milungu iwiri kenako akaonane ndi dokotala. Kuchokera pamenepo, munthu akandifunsa za retinol sindithamangira ku shelefu. Ndimayamba ndafunsa kuti vuto lenileni n'chiyani, akudzolanso chiyani china, komanso ngati ali woyembekezera kapena akufuna kutero.

Manambala a pa botolo amanamiza maso

Retinol, retinaldehyde, tretinoin, adapalene, tazarotene ndi isotretinoin onse ndi a gulu limodzi, ma retinoid. Ena amachokera ku vitamini A, ena anapangidwa kuti azigwira ntchito mofanana naye. Ntchito yake ndi yofulumizitsa kusinthana kwa maselo a pamwamba pa khungu, kuletsa timabowo ta pakhungu kutsekeka, kubalalitsa utoto wakuda umene waunjikana malo amodzi, komanso pakapita miyezi kulimbikitsa khungu kupanga collagen, amene amalilimbitsa kuti lisachite makwinya.

Kusiyana kwake kuli apa. Chimene maselo a khungu amachimva ndi retinoic acid, ndipo tretinoin ndi retinoic acid weniweniyo. Mukangodzola, ntchito yayambika. Retinol ayenera kusinthidwa kaye kawiri m'khungu momwemo, koyamba kukhala retinaldehyde, kachiwiri kukhala retinoic acid, ndipo si yense amene amafika kumapeto. Retinyl palmitate, amene amapezeka m'mafuta ambiri otchipa olembedwa kuti muli vitamini A, amasinthidwa katatu, choncho ndi wofooka kwambiri pa onse.

N'chifukwa chake simungayerekeze manambala a pa mabotolo. Munthu amaona retinol wa 1% n'kuona tretinoin wa 0.025%, n'kuganiza kuti woyambayo ndiye chimphona. Ayi ndithu. Akatswiri a khungu amayerekeza kuti pa muyezo wofanana, retinol amachepa mphamvu kakhumi kapena kuposa. Tretinoin amabwera pa 0.025%, 0.05% ndi 0.1%, ndipo wa 0.1% uja si woyambira munthu aliyense.

Palinso kusiyana kwina komwe anthu sakuganizira. Tretinoin ndi mankhwala. Kuno mankhwala amayenera kulembetsedwa ku bungwe la Medicines Control Authority of Zimbabwe, ndipo mukagula ku famase yovomerezeka, zolembedwa pa chubu ndi zomwe zili m'kati. Retinol ali m'gulu la zodzola, ndipo zodzola siziyesedwa mokhwima ngati mankhwala. Mabotolo awiri olembedwa retinol akhoza kusiyana kutalitali.

Tretinoin anavomerezedwa ku America mu 1971 ngati mankhwala a ziphuphu, pa dzina loti Retin-A, kuchokera ku ntchito ya dokotala wa khungu Albert Kligman ndi anzake a ku University of Pennsylvania. Mbiri imeneyi ili ndi banga lomwe ife akhungu lakuda tiyenera kulidziwa: kwa zaka zambiri Kligman ankayesera mankhwala osiyanasiyana pa akaidi a kundende ya Holmesburg ku Philadelphia, ambiri mwa iwo anthu akuda, ndipo mzinda wa Philadelphia unadzapepesa mu 2022. Mankhwalawo ndi abwino, koma njira imene ena anadutsamo kuti atipeze inali yopweteka.

Ngati vuto ndi ziphuphu

Apa maganizo anga ndi achindunji: musataye ndalama pa retinol. Ngati muli ndi ziphuphu zenizeni, zotupa, zobwerabwera mwezi ndi mwezi ndi kusiya mawanga, ndalama zomwe mungagulire mabotolo atatu a retinol kazilipireni kwa dokotala. Umboni wa retinol pa ziphuphu ndi wochepa, pomwe wa tretinoin ndi adapalene ndi wa zaka zambiri. Miyezi imene mukuyesayesa zodzola ndi miyezi imene mawanga atsopano akuwonjezekera, ndipo mawangawo amatenga nthawi yaitali kufufutika kuposa chiphuphu chimene chinawabweretsa.

Pa awiriwa, khungu lathu nthawi zambiri limayanjana ndi adapalene wa 0.1%. Salusa pakhungu ngati tretinoin, sawonongeka msanga ndi kuwala, ndipo amatha kuyendera limodzi ndi benzoyl peroxide, mankhwala ena odzola a ziphuphu. Tretinoin wamba akakumana ndi benzoyl peroxide amawonongeka, choncho ngati dokotala wakupatsani onse awiri, benzoyl peroxide ndi wa m'mawa, tretinoin ndi wa usiku. Adapalene anavomerezedwa ku America mu 1996, ndipo kuyambira 2016 wa 0.1% amagulitsidwa kumeneko popanda kalata ya dokotala. Lamulo limenelo ndi la ku America. Kuno funsani ku famase, akuuzani zofunika.

Mankhwalawa sadzoledwa pa chiphuphu chimodzichimodzi. Amadzoledwa pamalo onse omwe ziphuphu zimatuluka, chifukwa ntchito yawo ndi kuletsa zomwe zikubwera. Zotsatira zake muziyembekezera pakatha milungu 8 mpaka 12. M'milungu yoyambirira ziphuphu zikhoza kuwonjezekera pang'ono m'malo omwe zimatuluka kale, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwa ulesi n'kusiya.

Ziphuphu zikakhala zazikulu, zolimba m'kati, zopweteka ndi zosiya maenje, zodzola zokha sizikwanira. Pamafunika mapiritsi monga doxycycline kapena isotretinoin, ndipo zimenezo ndi za dokotala. Komanso ngati tiziphuphu tanu tili pachipumi ndi m'mbali mwa tsitsi mokha, yang'anani kaye mafuta amene mumadzola kumutu. Mafuta olemera a tsitsi akamatsikira kunkhope amatseka timabowo, ndipo ena amachira atangosintha chimenecho.

Pomwe retinol ali ndi phindu

Sindikunena kuti retinol ndi chinyengo. Amagwira ntchito, kungoti pang'onopang'ono. Munthu amene alibe ziphuphu zovuta, koma akufuna khungu losalala, timakwinya tating'ono tichepe, timawanga topepuka tifufutike, retinol wabwino amuthandiza pakatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Munthu wa khungu losachedwa kupsa, amene tretinoin anamukana, retinol ndi njira yabwino. Kufooka kwakeko kumasanduka ubwino, chifukwa chinthu chimene mungathe kudzola chaka chonse osapsa chimakupindulitsani kuposa champhamvu chimene musiya pakatha milungu itatu.

Vuto ndi kusankha. Retinol amawonongeka ndi kuwala, mpweya ndi kutentha. Wa m'kabotolo koonekera m'kati, kapena wa m'chitini chotsegula pakamwa chomwe mumapisamo chala tsiku lililonse, amatha mphamvu musanafike pakati. Wa patebulo lapanja, amene wakhala padzuwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo kwa masiku ambiri, ndiye osanena. Sankhani wa m'chubu kapena m'botolo lopopa losaonekera m'kati, lolembedwa kuchuluka kwake momveka bwino. Tembenuzani botolo muwerenge mndandanda wa zomwe zilimo. Mukapeza retinyl palmitate yekha pomwe kutsogolo alemba retinol ndi zilembo zikuluzikulu, libwezeni pa shelefu. Kunyumba musamuike pawindo, ndipo akayamba kuderako mtundu kapena kusintha fungo, watha ntchito.

Yambani ndi 0.2% kapena 0.3%. Palibe chifukwa chothamangira 1%. Mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo mu 2024 loti zodzola za kunkhope zisapitirire 0.3% ya retinol, ndipo mafuta odzola thupi lonse asapitirire 0.05%, poopa kuti vitamini A angachuluke m'thupi akaphatikizana ndi wa m'zakudya ndi m'mapiritsi.

Pa nkhani ya mtengo, ambiri amadabwa. Tretinoin wamba, wopanda dzina lotchuka, nthawi zambiri amatchipa kuposa retinol wa m'mabotolo okongola ochokera kunja. Chimene chimakweza ndalama ndi kukaonana ndi dokotala. Koma kachubu kamodzi kakadzoledwa moyenera kamakhala miyezi ingapo.

Khungu lathu likapsa limada

Nkhani zambiri za retinol zimene timaziona pa intaneti amakamba ndi anthu akhungu loyera. Iwo akapsa ndi mankhwala amafiira, pakatha sabata zatha. Ife khungu likakwiya, maselo opanga utoto amadzuka n'kutulutsa utoto wambiri pamalo opsawo. Chiphuphu chimasiya banga lakuda pa chifukwa chimenechi, ndipo kupsa ndi tretinoin kumasiyanso banga pa chifukwa chomwecho. Mankhwala omwe mwagula kuti achotse mawanga akhoza kukubweretserani ena akuluakulu, otenga miyezi yambiri kuti achoke.

Komanso kufiira sikuonekera bwino pakhungu lakuda, ndiye munthu sazindikira msanga kuti wapsa. Zizindikiro zoti muzimvetsere ndi izi: nkhope kuwawa mukamasamba ndi madzi okha, kuthina mukamaseka, kunyezimira mosazolowereka, kutuwa mbuu m'mbali mwa pakamwa, kapena mafuta omwe mumadzola masiku onse kuyamba kubaya.

Izi sizikutanthauza kuti tretinoin si wathu. Mu 1993 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inafalitsa kafukufuku wa anthu akhungu lakuda omwe anadzola tretinoin wa 0.1% kwa milungu 40, ndipo mawanga awo anachepa kwambiri kuposa a omwe anadzola mafuta opanda mankhwala. Koma theka la iwo khungu linapsako m'njira, ndipo anali m'manja mwa madokotala omwe ankawayang'anira. Onaninso nthawiyo: milungu 40, osati itatu.

Ndiye pali dzuwa la kuno. Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kuwala kwa dzuwa kumaluma ngakhale tsiku lomwe kukuzizira. Amene amayenda wapansi kukakwera kombi ku Mabvuku, ku Mufakose kapena ku Epworth, amene amagulitsa pamsika ku Mbare tsiku lonse, dzuwa limenelo limamupeza mokwanira. Retinoid aliyense amapangitsa khungu kumva dzuwa msanga, ndipo dzuwa limadetsa banga lililonse lomwe lilipo kale. Mafuta oteteza ku dzuwa a SPF (nambala ya mphamvu yake yoteteza) 30 kapena kuposa ndi mbali ya mankhwalawo. Ngati ndalama zikukwana chinthu chimodzi chokha, gulani amenewo, retinol adikire. Muyezo wa nkhope ndi khosi ndi mizere iwiri yotalika ngati zala zanu ziwiri, m'mawa uliwonse, ndipo ngati mukhala panja bwerezani masana. Ambiri amadana nawo chifukwa amatuwitsa nkhope. Funani okhala ndi kamtundu, omwe muli iron oxide: satuwitsa, ndipo amatchingiranso kuwala kooneka ndi maso komwe kumadetsa zigamba za m'masaya pakhungu ngati lathu. Chipewa cha mlomo waukulu chimathandizanso.

Kadzoledwe kake

Njira ndi imodzi, kaya ndi retinol, adapalene kapena tretinoin. Usiku sambani nkhope ndi sopo wofatsa, wopanda mchenga, ndi manja okha. Ipukuteni mosakhula, ndipo dikirani mphindi 20 kuti iumiretu. Khungu lonyowa limamwa mankhwala ambiri msanga, n'kupsa. Pakani Vaseline pang'ono m'ngodya za maso, m'mbali mwa mphuno ndi m'ngodya za milomo, chifukwa m'makwinya amenewo mankhwala amaunjikana. Finyani kadontho kakang'ono ngati njere imodzi ya nandolo. Kameneko n'kokwanira nkhope yonse. Kadonthezeni pachipumi, pamasaya ndi pachibwano, kenako kafalitseni mopyapyala. Pamwamba pake dzolani mafuta ofewetsa khungu opanda perefyumu.

Milungu iwiri yoyamba dzolani kawiri pa sabata basi, mwachitsanzo Lolemba ndi Lachinayi. Khungu likalola, pitani pa kudumphitsa usiku umodzi kwa mwezi wathunthu. Kudzola usiku uliwonse kumabwera pambuyo pake, ndipo ena safikako n'komwe koma zotsatira amazionabe. Amene khungu lawo silichedwa kupsa ayambe ndi mafuta ofewetsa, pakati mankhwala, pamwamba mafuta ofewetsanso.

Kusupuka pang'ono m'mwezi woyamba n'kwachibadwa. Musakukhule, musakusende ndi zikhadabo. Koma kukayamba kuwawa, kung'ambika kapena kuda, siyani, dzolani mafuta ofewetsa okha mpaka khungu litakhala bwino, kenako yambiraninso motalikitsa masiku. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, mphepo youma ija ikamawomba, chepetsani masiku ndi kuwonjezera mafuta ofewetsa.

Pa nthawi yonseyi ikani pambali sopo wamchenga, mandimu, soda, mankhwala otsukira mano omwe ena amapaka pa ziphuphu, ndi zodzola za asidi monga glycolic. Osaphatikiza retinol ndi tretinoin, chifukwa simupindula kalikonse koma kupsa. Ngati mumachotsa nsidze kapena tsitsi la kunkhope ndi phula, siyani mankhwalawa kwa sabata musanapite ku saluni, apo ayi phulalo limachoka ndi khungu lomwe.

Kirimu wosakaniza

Chimene chimandiopsa kuposa zonse ndi timachubu tomwe timayenda m'zikwama ndi m'magulu a pa foni, tolonjeza kuchotsa mawanga m'masiku ochepa. Ambiri mwa timeneti muli zinthu zitatu: tretinoin, hydroquinone (woyeretsa khungu) ndi steroid (woziziritsa kutupa). Madokotala amagwiritsadi ntchito msakanizo wotere pa zigamba zakuda za kunkhope zotchedwa melasma, koma kwa milungu yowerengeka, akuyang'anira. Kudzola miyezi ndi miyezi ndi nkhani ina.

Steroid amabisa kupsa, ndiye poyamba nkhope imaoneka yosalala ndi yowala, munthu n'kumayamikiridwa. Kenako khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, timatuluka tiziphuphu tofananafanana tambirimbiri, cheya chimamera pamasaya, ndipo mukasiya nkhope imayaka moto mpaka mumabwereranso ku kachubu komweko. Hydroquinone wa nthawi yaitali amabweretsa kuda kwina kobiriwira, kotchedwa ochronosis, komwe n'kovuta kwambiri kuchiza.

Werengani chubu. Mukaona betamethasone, clobetasol, mometasone kapena fluocinolone, muli steroid. Ngati palibe mndandanda uliwonse, kapena akupimirani m'kachitini kopanda dzina, musayandikize kunkhope. Amene mwadzola kale kwa miyezi ingapo, musachite manyazi ndipo musangosiya mwadzidzidzi nokha. Tengani chubucho mupite nacho kwa dokotala akuthandizeni kusiya pang'onopang'ono.

Amayi oyembekezera

Pano palibe kukambirana. Ngati muli woyembekezera kapena mukufuna kutenga pakati, siyani ma retinoid onse, ndi retinol wa pa shelefu yemwe. Isotretinoin wakumwa amalumalitsa mwana m'mimba koopsa, ndipo amene akumwa ayenera kukhala pa njira yodalirika yolera mpaka patatha mwezi umodzi atasiya. Odzola amalowa m'magazi pang'ono chabe, komabe madokotala amaletsa. Mukazindikira kuti muli ndi pakati pomwe mumadzola, musade nkhawa mopitirira: siyani tsiku lomwelo ndipo mukawauze ku sikelo. Azelaic acid ndi amene madokotala amakonda kupereka m'malo mwake, chifukwa amathandiza ziphuphu ndi mawanga omwe. Oyamwitsa afunse kaye asanayambirenso.

Abambo ndi ndevu

Abambo ambiri amabwera ndi totupa ta pachibwano ndi pakhosi, n'kumati ndi ziphuphu. Kawirikawiri ndi ndevu zopotana zomwe zametedwa mpaka pansi, n'kukula mobwerera kulowa m'khungu. Adapalene kapena tretinoin amathandiza pochepetsa khungu lokhuthala lomwe limatsekera ndevuzo komanso pofufuta mawanga, koma retinol wa pa shelefu sangapite nazo patali. Ndipo mankhwala alionse alephera ngati kametedwe sikasintha. Siyani lezala kwa mwezi umodzi kuti totupato taphwe. Mukayambiranso, uzani ometa agwiritse makina n'kusiya ndevu zotalika pafupifupi milimita imodzi, azimeta motsatira komwe ndevu zagonera, osakoka khungu. Tsiku lomwe mwameta musadzole retinoid, dikirani usiku wotsatira.